Kalata kwa a Meya ndi makhansala a Johannesburg: misewu yathu ya malonda ikutha

Olemekezeka a Meya, ndi inu nonse makhansala a mzinda wa Johannesburg,

Ndine Mmalawi, telala, ndipo ndimasokera kum'mwera kwa tauni, mbali za Rosettenville. Ndabwera pamaso panu ndi dandaulo la masitolo. Makampani akuluakulu okhala ndi nthambi dziko lonse akumeza misewu yathu ya malonda umodziumodzi, ndipo palibe msewu umene amaumeza khonsolo isanavomere. Mzere wa timasitolo ukamagwetsedwa kuti pamangidwe chisitolo chimodzi ndi bwalo loimikapo magalimoto, pepala lololeza limakhala ndi chidindo chanu. N'chifukwa chake kalatayi ndalembera inu, osati eni makampaniwo. Iwo akuchita zimene kampani inabadwira, kufuna phindu. Amene munapatsidwa udindo wosunga mzinda ndinu.

Mzinda uno uli ndi chuma china chimene sichinakumbidwe mumgodi. Ukatsika takisi ku Mayfair, pa 8th Avenue, umapeza Asomali ndi malo awo omwera tiyi, masitolo a nsalu ndi mafuta onunkhira. Ku Fordsburg, pa Mint Road, Loweruka madzulo utsi wa nyama yootcha ndi fungo la zokometsera ndiwo zimakulonjera usanafike n'komwe. Ku Cyrildene, pa Derrick Avenue, kuli masamba amene sungawaone kwina, zikwangwani zili m'Chitchaina. Mumsika wa ku Yeoville, pa Rockey Street, amayi a ku Congo amagulitsa chigwada ndi nsomba zouma zamchere, a ku Nigeria zilazi ndi mafuta ofiira ophikira. M'tauni mwenimweni muli Aitiyopiya ndi khofi wawo mumsewu wakale wa Jeppe, muli asing'anga ndi amisiri a pa msika wa Kwa Mai Mai, muli mabulangete a pa Diagonal Street. Palibe wojambula mapulani wa khonsolo amene anakonza zimenezi. Zinabwera zokha, wina atsegula chitseko apa, mnzake atsegula choyandikana nacho, mpaka msewu wadziwika.

Tsono lowani mu mall iliyonse, kaya ku Alexandra, kaya ku Soweto, kaya ku Midrand. Kumapeto mupeza Shoprite kapena Pick n Pay, pakati PEP, Ackermans, Clicks, KFC ndi banki. Matailosi omwewo, nyimbo zomwezo, yunifolomu yomweyo. Munthu akhoza kutha tsiku lathunthu m'menemo osadziwa kuti anthu a dera limenelo amadya chiyani, amapemphera kuti, amalankhula chinenero chanji. Kale zimenezi zinkathera mkati mwa mpanda wa mall. Lero masitolo omwewo atuluka, ali pa misewu yathu ya m'madera, ndipo akafika pa msewu sabwera kudzakhala nafe limodzi, amatenga mzere wonse.

A Meya, kumbukani m'mene tauni ino inalili m'zaka za m'ma 1990. Sandton City inatsegulidwa mu 1973, Eastgate mu 1979, ndipo ogula andalama anayamba kutsata kumeneko. Ulamuliro watsankho ukugwa, makampani anasamuka m'tauni mwaunyinji. Hotela ya Carlton inatsekedwa, msika wa masheya unapita ku Sandton mu 2000, nyumba zosanja zinatsala zopanda anthu. Ndani anatsala akutsegula chitseko m'mawa uliwonse ku Hillbrow, ku Jeppestown, ku Yeoville, ku Rosettenville? Anali amayi ogulitsa tomato pa tebulo, ometa tsitsi, osoka nsapato, ophika magwinya, eni timagolosale, mbadwa za dziko lino pamodzi ndi ife obwera. Anthu amenewa ndiwo ankalipira lendi pamene mwini nyumba analibe wina womulipira. Ndiwo ankayatsa getsi pakhonde msewu wonse uli mdima. Lero msewu wadzuka, anthu akuyenda, makampani aona kuti pali ndalama, ndipo amene anausunga pa nthawi yovuta ndi amene akuuzidwa kuti alongedze.

Mwina kwa amene amaona zinthu pa pulani, sitolo ndi malo ogulitsirapo katundu basi, ndiye ikakhala yaikulu ndi yotchipa zinthu zayenda bwino. Ndiloleni ndikufotokozereni kagolosale ka Mmalawi, chifukwa ndiko ndikukadziwa bwino. Katundu wake amabwera pa basi kapena ndi anyamata onyamula katundu pakati pa Joni ndi kumudzi: usipa, utaka, chambo chouma, mpunga wa Kilombero, nyemba, nandolo, mfutso, tsabola wa kambuzi, zitenje. Zimenezo n'zimene zili pa shelefu. Koma pakhoma pali timapepala, wina akufuna chipinda cha lendi, wina akufuna wogwira ntchito m'munda kapena wolera mwana. Mnyamata wongotsika kumene pa Park Station, amene nambala ya mbale wake yasiya kugwira, amafunsira pamenepo, ndipo dzuwa lisanalowe amakhala atapeza wa kwawo womugoneka. Pansi pa kauntala pali kabuku ka ngongole. Mayi amene abwana ake achedwetsa malipiro amatenga ufa ndi mafuta, adzabweza pakutha pa mwezi, ndipo ana sagona ndi njala. Mnzathu akatisiya, kope lolembamo zopereka zoti thupi lipite kumudzi limakhala pa kauntala pomwepo, aliyense wolowa amasiyapo kangachepe. Kunyamula maliro kuchoka kuno kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba si ndalama ya munthu mmodzi.

Ntchito zonsezi palibe amene amalipidwa nazo, ndipo sizilembedwa mu lipoti lililonse lofika pa tebulo lanu. Sitolo ya kampani singazichite ngakhale wogulitsa wake atakhala wamtima wabwino chotani, chifukwa makina a pa kauntala sadziwa ngongole ya mawu apakamwa, ndipo manijala saloledwa kumata pepala la maliro pa galasi. Ndikukhulupirira kuti Msomali wa ku Mayfair, Mzimbabwe wa ku Berea ndi gogo wa ku Orlando wogulitsa kota, buledi woikamo ndiwo pakati, pa windo la nyumba yake akhoza kukuuzani zofanana ndi zimenezi za makasitomala awo.

Sindikunena kuti masitolo aakulu ndi mdani. Ndimagulamo. Thumba la ufa la 10 kg nthawi zambiri limatchipa kumeneko, ndipo wosauka sangauzidwe kuti agule zodula pofuna kusunga kukongola kwa msewu. Ambiri a ife timatumiza ndalama kumudzi polipira pa makauntala awo omwewo. Amalemba anthu ntchito. Maponya Mall itatsegulidwa ku Soweto mu 2007 anthu anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa, poti kwa zaka zambiri ulamuliro watsankho unkawakakamiza kukwera sitima kukagula zinthu m'tauni ya azungu. Dandaulo langa ndi loti mpikisano wake si wachilungamo, ndipo kukondera kwina kumachokera m'malamulo ndi m'maofesi.

Zimenezi sindikuzipeka. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, la Competition Commission, linafufuza malonda a zakudya kuyambira mu 2015, ndipo lipoti lake lomaliza linatuluka mu November 2019. Linapeza kuti masitolo aakulu ankasainirana ndi eni ma mall mapangano a zaka zambiri oletsa wina aliyense kugulitsa zakudya pamalo omwewo, moti bucha kapena wophika buledi wa m'deralo sankatha kupeza malo ngakhale atakhala ndi ndalama ya lendi. Shoprite inavomera mu 2020 kusiya mapangano otere, Pick n Pay inatsatira mu 2021. Zinali bwino. Koma kukondera kwina kudakalipo. Sitolo yaikulu imene imakoka anthu imalipira lendi yotsika pa mita iliyonse kuposa kashopu ka pambali pake. Imagula kwa opanga katundu pa mtengo umene wopikula makatoni awiri sangaulote. Ndipo mwini nyumba akakhala ndi pangano la zaka khumi losainidwa ndi kampani yodziwika, banki imamukongoza ndalama mosavuta, pamene akakhala ndi ochita lendi asanu ndi mmodzi ang'onoang'ono, ngakhale asanaphonyepo mwezi, banki imamuona ngati alibe kanthu. Mwini nyumba wotere simungamuimbe mlandu akasankha kampani. Amene angaike malire ndi khonsolo.

Ndinaziona ndekha pa mzere umene ndinkasokera kale. Tinalipo ine, bucha wachipwitikizi amene bambo ake ndiwo anayambitsa bucharayo, mayi wachizulu wophika magwinya, wometa tsitsi, ndi mnyamata wokonza mafoni. Nyumba inagulitsidwa. Chidziwitso cha zimene zikufuna kumangidwa chinali kapepala komatidwa pa mpanda wa kuseri, m'Chingerezi cha maloya, ndipo pamene tinkamva tanthauzo lake masiku 28 operekera madandaulo anali atadutsa. Lero pamalopo pali sitolo imodzi. Khomo lake linayang'ana kumene kumaimikidwa magalimoto, ndipo kumsewu kunatsala chikhoma chachitali chopanda windo. Pamene panali zitseko zisanu ndi anthu okhala pakhonde mpaka usiku, tsopano dzuwa likangolowa palibe diso loona zochitika. Amayi ochokera kuntchito akatsika takisi amadutsa mbali ina ya msewu. Bucha uja anasiya ntchitoyo, mayi wa magwinya akugulitsira pa ngodya, m'beseni, maso ali kumsewu kuopa kulandidwa.

Ndalama nazonso zimayenda njira yosiyana. R100 imene ndinkasiya kwa bucha uja inkazungulira mumsewu momwemo: iye ankametetsa kwa mnzathu, wometayo ankadya magwinya, mayi wa magwinya ankandibweretsera yunifolomu ya mwana kuti ndiipinde. Ya pa makina a kampani imasiya malipiro a ogwira ntchito, yotsalayo imanyamuka. Likulu la Shoprite lili ku Brackenfell, la Pick n Pay ku Kenilworth, la PEP ku Parow, konseko ndi ku Cape Town. Zimene zikhale pa shelefu ku Turffontein zimagamulidwa ndi anthu amene mwina sanapondeko.

Tsono taonani m'mene mzinda umalandirira magulu awiriwa. Kampani ikafuna kumanga imabwera ndi maloya ndi akatswiri a mapulani, imakhala pansi ndi akuluakulu, msewu umakonzedwa, maloboti amaikidwa pakhomo pake. Wamalonda wamng'ono amadziwa mzinda kudzera mwa apolisi a khonsolo a JMPD ndi galimoto yonyamula katundu wolandidwa. Mu October 2013, pa zimene zinatchedwa Operation Clean Sweep, mavenda masauzande anachotsedwa m'misewu ya m'tauni, kuphatikizapo amene anali ndi ziphaso za khonsolo yomweyo. Zinatengera khoti lalikulu la dziko lino, Constitutional Court, pa 5 December chaka chomwecho, kulamula kuti abwerere pamalo awo. Mameya asintha kangapo kuchokera nthawi imeneyo, koma maganizo oti msewu waukhondo ndi msewu wopanda wamalonda wamng'ono sanachoke m'maofesi.

Pali nkhani yowawa imene sindingailumphe. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zinapezeka kuti chinawapha ndi mankhwala a terbufos, opha tizilombo m'minda, amene anthu amagula mobisa kuti aphere makoswe. Poti anthu ankaloza chala timagolosale ta m'madera totchedwa spaza, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula mu November kuti ma spaza onse alembetsedwe. Ine ndine kholo, ndipo ndikuti yenderani sitolo iliyonse, yanga yomwe, ndipo wogulitsa zakudya zowola kapena wosunga poizoni pafupi ndi buledi mutsekereni. Pakati pa ife amalonda ang'onoang'ono alipo osasamala, ndipo amatichititsa manyazi tonse. Koma kumbukaninso kuti mu 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis anapha anthu oposa 200 m'dziko lino, ndipo gwero lake linapezeka kuti ndi poloni wa ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane, amene ankagulitsidwa m'masitolo aakulu owala bwino. Nthawi imeneyo palibe amene ananena kuti masupamaketi onse ndi oipa. Akatswiri anatsata matendawo mpaka anapeza kumene akuchokera. Chitaninso chimodzimodzi kuno. Tsatani amene akutulutsa mankhwalawo kuchoka ku minda kufika pa renki ya matakisi, ndipo Pikitup, kampani ya khonsolo yotola zinyalala, izichotsa zinyalalazo pa nthawi yake, chifukwa munthu sagula poizoni ngati makoswe sakumuvuta.

Ndikudziwa kuti pali mbadwa za dziko lino zimene zimaona kuti ife obwera ndi amene tawalanda malonda. Mpikisano pakati pa timasitolo ulipodi, sindikana. Koma pamene mall yatsegulidwa pakhomo pa renki, ndipo sitolo ya kampani ngati Usave kapena Boxer yalowa mpaka mkati mwa lokeshoni, makasitomala amachoka kwa gogo wa ku Soweto ndi kwa Mmalawi tsiku limodzi lomwelo. Mkwiyo umagwera wobwera chifukwa ndiye ali pafupi, alibe mlonda pakhomo. Tinaona mu May 2008, chiwawa chitayambira ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa, abale athu ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi ali chimanjamanja. Atsogoleri akamakhala chete pa za kumene ndalama za m'madera zikupita, amasiya osauka awiri akulimbirana zotsala.

Ife Amalawi tikudziwa mmene msewu wa malonda umafera ndi lamulo lochokera pamwamba. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi apite m'mizinda ikuluikulu. Cholinga chinali choti Amalawi atenge malondawo, koma masitolo ambiri anangotsala otseka, ndipo mpaka lero ukamayenda pa basi umaona mizere ya nyumba zanjerwa zamakonde aatali, madenga atachita dzimbiri. Pa makonde amenewo ndi pamene matelala ankaika makina awo, wogula nsalu mkati ankaisiya panja kuti isokedwe. Sitolo itatsekedwa, telala nayenso anasowa pokhala. Inunso kuno muli ndi mbiri yanu. 14th Street ya ku Fietas inali msewu wa malonda wodziwika mzinda wonse mpaka lamulo la tsankho la Group Areas, logawa malo potengera mtundu wa anthu, linathamangitsa eni ake m'zaka zomwezo za m'ma 1970, amalonda kupita ku Oriental Plaza, mabanja ku Lenasia. Zaka zonsezi zapita, msewu uja sunadzukenso. Sindikufananitsa kampani yofuna phindu ndi nkhanza za tsankho, ayi. Ndikungonena kuti msewu wa malonda umatenga zaka makumi kuti ukhazikike, ndipo ukabalalika sumangidwanso ndi bajeti.

Paja amati mlendo ndi mame, ndipo mawu amenewa timauzidwa kawirikawiri ndife. Komatu agogo athu anayamba kubwera kuno pa Wenela kudzakumba golide amene anamanga mzinda uno, ndipo adzukulu awo tidakalipo. Amene amakamuka msanga dzuwa likatentha ndi kampani. Shoprite inatuluka ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Uganda pamene masamu anasiya kugwirizana, ndipo mu 2025 inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a ku Malawi. Kwathu PTC inali pa boma lililonse, lero ndi mbiri. Kampani ikachoka pa msewu wa kuno imasiya chinyumba chachikulu chimene telala kapena bucha sangakwanitse kuchita lendi, pamene timasitolo timene tikanalowa m'malo mwake tinagwetsedwa kale.

Mphamvu zokonzera zimenezi muli nazo. Lamulo la SPLUMA la 2013 linaika kagwiritsidwe ntchito ka malo m'manja mwa makhonsolo. Ndipo munasonyeza kale kuti mukhoza kuuza omanga zochita: mu 2019 khonsolo ino inavomereza kuti womanga nyumba zogona 20 kapena kuposerapo apatule 30 peresenti ya nyumbazo kuti zikhale za anthu opeza zochepa. Chitani zomwezo pa masitolo. Wofuna kugwetsa mzere wa timasitolo pa msewu wa malonda aloledwe pokhapokha mbali yoyang'ana kumsewu ikhale ya zitseko zing'onozing'ono, za lendi yoti munthu wamba angakwanitse, ndipo amene anali pamalopo akhale oyamba kufunsidwa. Chikhoma chopanda khomo pa msewu woyenda anthu chisamavomerezedwe n'komwe. Musanadinde pepala, tumani munthu akawerenge masitolo amene alipo kale pa mtunda woyenda pansi, ndi anthu amene amadya kuchokera m'menemo, kuti pamene kampani ikukuuzani za ntchito zimene ibweretse muzidziwanso zimene zithe.

Chidziwitso chizifika m'manja mwa wochita lendi, osati mwini nyumba yekha, ndipo chizilembedwa m'mawu oti munthu amve, m'Chizulu, m'Chisutu ndi m'Chingerezi chapafupi. Misika imene ili m'manja mwa Johannesburg Property Company, kampani yoyang'anira malo a khonsolo, ikonzedwe, zimbudzi zizigwira ntchito, madzi azituluka, magetsi aziyaka, chifukwa kasitomala amene wathawa fungo pa msika amakalowa mu mall ndipo sabwereranso. Malo a khonsolo oyandikana ndi marenki ndi masiteshoni a mabasi a Rea Vaya ayambe aperekedwa kwa amalonda a m'deralo asanaperekedwe kwa womanga mall. Za mapasipoti ndi zilolezo zokhalira m'dziko ndi za Home Affairs, sindikukupemphani kuti muzisinthe. Koma amene mapepala ake ali bwino, kaya ndi mbadwa kaya wobwera, apeze chiphaso cha malonda pa ofesi imodzi, pa nthawi yodziwika, popanda wina womuuza kuti aonjezere ya fanta.

Ambiri a ife sitivota, ndipo mwina n'chifukwa chake makhansala ena sationa. Koma lamulo la Municipal Systems Act la 2000 limati anthu a m'dera ndi onse okhalamo, ndipo ali ndi ufulu wolankhulapo pa mapulani a mzinda. Vuto ndi loti msonkhano ukaitanidwa pakati pa sabata, wa sitolo ya munthu mmodzi sangatseke chitseko n'kusiya makasitomala. Ikani misonkhano ya m'mawodi athu yokambirana pulani ya chitukuko cha mzinda (IDP) Lamlungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi, ndipo muilengeze m'misika, m'mizikiti ndi pa marenki. Tidzabwera, pamodzi ndi anzathu achizulu, achisutu, achisomali ndi achipwitikizi, titanyamula mndandanda wa timasitolo timene tatsekedwa pa msewu uliwonse ndi timene tatsala.

Ine wanu mwaulemu,
Telala wa ku Rosettenville